Caka Cimene Mpira wa ku Mangalande Unaduka Pakati

Madzulo ano tikambe za ligi yaikuru ya mpira wa miyendo ku Mangalande m'nyengo ya 1957 kufikira 1958. Masiku amenewo ligiyo inali kuchedwa First Division, pakuti dzina lakuti Premier League linadza mu 1992. Matimu anali 22, timu iri yonse inali kusewera kokwana 42, ndipo wopambana anali kulandira mapointi awiri, ofanana mphamvu pointi imodzi. Munthu akatsegula buku la ziwerengero adzapeza kuti anapambana ndi a Wolverhampton Wanderers, amene anthu amangoti Wolves, ndi mapointi 64 ndi zigoli 103. Komatu mukafunsa nkhalamba za kumeneko za caka cimeneci, sizidzayamba ndi Wolves iai. Zidzayamba ndi ndege imene inalephera kuuluka ku Munich. Nkhani ziwirizi anthu amazikamba padera, koma ine ndiona kuti ndi cingwe cimodzi, ndipo nsonga yace iri m'manja mwa a Wolves omwewo.

Tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1953 timu ya dziko la Hungary inadza ku Wembley nicititsa manyazi eni ace a mpira powacinya zigoli 6 kwa 3. Mmodzi wa amene anacinyako mbali ya Mangalande tsiku limenelo ndiye Jackie Sewell, yemwe uja anadza pambuyo pace kudzasewera ndi kuphunzitsa ku City of Lusaka, nakhala kapitao wa timu ya Zambia pa nthawi ya ufulu mu 1964. Caka cotsatira, ku Budapest, cinali coipa koposa: 7 kwa 1. Tsono pa 13 December 1954 a Wolves anaitana Honved, timu ya Ferenc Puskás, kudzasewera usiku pansi pa nyali zamagetsi ku bwalo lao la Molineux. Alendo anatsogola ndi zigoli ziwiri, koma bwalo linali matope okhaokha, ndipo akuti manijala wa Wolves, Stan Cullis, anali atauza anyamata kuti alithire madzi ngakhale kunali kutagwa kale mvula. A Wolves anabweza napambana 3 kwa 2, ndipo manyuzipepa a ku London anawachula akatswiri a dziko lonse lapansi. Mau amenewa anamuwawa mlembi wina wa nyuzi ku Paris, Gabriel Hanot, amene anati tisamvere zodzitama, koma pakhale cikho coti matimu opambana a maiko onse a ku Ulaya alimbirane. Ndimo m'mene inabadwira European Cup mu 1955.

Akuluakulu a ligi ya ku Mangalande sanacikonde cikho cimeneci. Iwo anaona kuti maulendo a kunja adzasokoneza masewera a Loweruka, amene ndiwo anali kudyetsa matimu onse. Anakaniza Chelsea, opambana a 1955, ndipo Chelsea inamvera. Koma mu 1956 anapambana ndi a Manchester United, ndipo manijala wao Matt Busby sanamvere. Analowa, nacinya Anderlecht ya ku Belgium zigoli 10 kwa 0, nafika kufupi ndi mapeto kumene anagonja kwa Real Madrid. Cicokere pamenepo panali kusamvana kwacinsinsi pakati pa United ndi eni ligi. Busby anadziwa kuti akacedwa tsiku limodzi lokha kubwerako ku ulendo, palibe amene adzamumvera cisoni.

Inu a ku migodi mukanawazindikira msanga anthu amenewa, pakuti ambiri a iwo anali anzanu. Busby anabadwira m'mudzi wa mgodi wa malasha ku Scotland ndipo iye mwini analowako pansi ali mnyamata. Bill Foulkes, wa kumbuyo, anali kugwirabe nchito ya mgodi pamene anaitanidwa kusewera m'timu ya dziko mu 1954. Bobby Charlton anali mwana wa munthu wa mgodi wa ku Ashington. Tommy Taylor, wocinya zigoli, anayamba nchito pa mgodi kufupi ndi Barnsley, ndipo pomgula mu 1953 Busby analipira mapaundi 29,999, nacotsa dala paundi imodzi kuti mnyamatayo asalemedwe ndi mbiri yakuti ndi munthu wa 30,000. Koma ndarama zoterezi sizinali kulowa m'thumba la wosewera. Panali lamulo loletsa timu kulipira munthu kuposa mapaundi 17 pa sabata, ngakhale anthu 60,000 adze kudzaona iye yekhayo. Ndico cifukwa cace John Charles, katswiri wa Leeds, anawoloka kunka ku Juventus ya ku Italy nyengoyi isanayambe. Lamulolo linagwa mu 1961, osewera ataopseza kuti adzanyanyala nchito.

United inayamba nyengoyi iri ndi ligi ya 1956 ndi ya 1957 m'manja, ndipo inali kufuna yacitatu motsatana, cinthu cimene anacicita kale a Huddersfield ndi a Arsenal okha. Osewera ambiri anali ana oleredwa pakhomo pomwepo, kotero anthu anawacha makanda a Busby. Pa masewera asanu ndi limodzi oyamba anapambana asanu. Kenaka phazi linaterereka: Bolton inawacinya 4 kwa 0, ndipo kumapeto kwa September anagonja 3 kwa 1 ku Molineux.

A Wolves mpira wao unali wina. Cullis sanali kufuna zoseweretsa mpira pakati pa bwalo. Iye anati uponyedwe msanga kutali, kwa anthu a m'mphepete, ndipo adani asapatsidwe mpata wopuma. Anali munthu waukali, wosatukwana koma woopedwa, ndipo anyamata ace anali kuthamanga mphindi 90 monga ayamba kumene. Pakati panali kapitao Billy Wright, pamodzi ndi Eddie Clamp, Ron Flowers ndi Bill Slater. Kutsogolo Peter Broadbent, Norman Deeley, Jimmy Mullen ndi Jimmy Murray, amene anacinya 29 m'ligi. Anthu ena anali kuunyoza mpira umenewu kuti ngwopanda luso. Koma mu October 1957 Real Madrid yomwe ija inadza ku Molineux kudzasewera mwaubwenzi nigonja 3 kwa 2, ndipo mu December ku Madrid anafanana 2 kwa 2.

Poona kuti zinthu sizili bwino, Busby anagula wa pagolo watsopano, Harry Gregg, mu December, napatsa malo anyamata ena monga Charlton. Timu inadzuka. Mu January inabwezera Bolton 7 kwa 2, ndipo pa 1 February 1958 inapita ku Highbury kukakomana ndi Arsenal pamaso pa anthu oposa 63,000. Pofika pakati United inali patsogolo 3 kwa 0, cigoli coyamba cocinyidwa ndi Duncan Edwards. Arsenal inabweza zonse zitatu m'mphindi zowerengeka, United inacinyanso ziwiri, Arsenal imodzi, ndipo anatha 5 kwa 4. Tsiku limenelo United inali pa malo acitatu ndi mapointi 36, kutsalira ndi asanu ndi limodzi kumbuyo kwa Wolves, ndipo Loweruka lotsatira, pa 8 February, a Wolves anayenera kudza ku Old Trafford. United ikanapambana, mpata ukanatsala wa mapointi anai, masewera akali 13. Dziko lonse linali kudikira tsiku limenelo.

Koma pakati pa sabata panali ulendo wa ku Belgrade, m'dziko limene linali kuchedwa Yugoslavia, kukasewera ndi Red Star m'cikho ca ku Ulaya. Apa pafunika kukumbukira zimene zinacitika mu December. Pobwerera ku Prague, nkhungu inatseka mabwalo a ndege a ku Mangalande, ndipo timu inatsikira ku Amsterdam, nikwera sitima ya pamadzi ndi ya pamtunda, nifika yotopa kukafanana 3 kwa 3 ndi Birmingham. Kuti zotere zisacitikenso patsogolo pa masewera a Wolves, akulu a timu anabwereka ndege yaoyao ku kampani ya British European Airways. Ku Belgrade, Lacitatu pa 5 February, anatsogola 3 kwa 0 natha 3 kwa 3, ndipo pophatikiza ndi 2 kwa 1 wa kwao anapitirira.

M'mawa mwace, Lacinai pa 6 February, ndege inatera ku Munich, ku Germany, kudzamwa mafuta. Kunali kugwa cipale. Kawiri oyendetsa, motsogozedwa ndi James Thain, anayesa kunyamuka, ndipo kawiri konse analeka cifukwa injini sinali kumveka bwino. Anthu anatsika nabwerera m'nyumba yodikirira, ndipo Edwards anatumiza telegalamu kwa mai wa nyumba imene anali kukhalamo kuti adzafika mawa. Posacedwa anaitanidwanso kuti akwere. Nthawi itangopitirira 3 koloko masana ndege inathamanga kacitatu. Kumapeto kwa msewu wace kunali cipale cosungunuka, cokhala ngati phala. Aliyense amene anapalasapo njinga nalowa mwadzidzidzi mumcenga adziwa cimene cimacitika: liwiro limatha pomwepo. Ndege inataya liwiro pa nthawi imene sikanathanso kuima kapena kuuluka. Inabzola mpanda, niwoloka msewu, nigunda nyumba.

Mwa anthu 44 amene anali m'katimo anafa 23. Osewera anali asanu ndi atatu: kapitao Roger Byrne, Tommy Taylor, Mark Jones, David Pegg, Eddie Colman, Geoff Bent, Liam Whelan, ndi Duncan Edwards, amene analimbana ndi imfa masiku 15 m'cipatala ca Rechts der Isar namwalira pa 21 February ali ndi zaka 21. Anafanso mlembi wa timu Walter Crickmer, aphunzitsi Tom Curry ndi Bert Whalley, ndi olemba nyuzi asanu ndi atatu, mmodzi wa iwo Frank Swift amene kale anali wa pagolo wa Mangalande. Johnny Berry ndi Jackie Blanchflower anacira koma sanasewerenso. Gregg, m'malo mothawa moto, anabwerera m'zitsulo zophwanyikazo naturutsa khanda ndi mai wace, nakokanso anzace. Busby anabvulala m'cifuwa kotero kuti ansembe anamdzoza kawiri mafuta a odwala. Ife a m'Zambia sitifuna munthu wotimasulira za cisoni cotere, pakuti tinaciona mu April 1993, pamene ndege yonyamula timu yathu inagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ndi anthu 30, pamodzi ndi Godfrey Chitalu.

Pali munthu mmodzi amene nkhani zambiri zimamlumpha. Akulu a ku Germany anaika mlandu pa Thain, nati sanacotse madzi oundana pa mapiko. Iye anati colakwa cinali pa msewu wa ndege, umene eni bwalo sanausese. Anacotsedwa nchito, nakhala woweta nkhuku, ndipo anakangana nao mlanduwo zaka khumi kufikira boma la Britain linabvomera, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kuti iye analibe cifukwa. Sanaulutsenso ndege, ndipo anamwalira mu 1975. Kunena kuti akulu a ligi ndiwo anapha anthuwa kungakhale kunama, pakuti sanali pa bwalo la Munich, ndipo amene anasankha kuyesa kacitatu ndi oyendetsa. Koma sindikhulupira kuti anthu amene analibe cowathamangitsa akanakana kugona ku Munich usiku umodzi.

Nchito yomanganso timu inagwera Jimmy Murphy, wothandiza wa Busby, mwana wa ku zigwa za malasha za Rhondda. Iye anapulumuka cifukwa tsiku la masewera a ku Belgrade anali ku Cardiff ndi timu ya dziko la Wales, imene inali kulimbana ndi Israel. Pakati pa maliro ndi maulendo a ku cipatala anasonkhanitsa anyamata a timu yaciwiri, nagula Ernie Taylor ku Blackpool ndi Stan Crowther ku Aston Villa, amene anasaina ora limodzi lokha mpira usanayambe. Pa 19 February, masiku 13 cicitikire ngozi, United inasewera ndi Sheffield Wednesday m'cikho ca FA. M'kabuku ka maina a osewera mbali ya United munali mipata yopanda kanthu, cifukwa osindikiza sanadziwe amene adzabvala malaya. Gregg ndi Foulkes, amene anaturuka m'ndege ija, anasewera. Anthu pafupifupi 60,000 anapfuula ndi misozi, ndipo United inapambana 3 kwa 0, ziwiri zocinyidwa ndi mnyamata Shay Brennan pa tsiku lace loyamba.

Apa mpamene tiona kusiyana kwa cikho ndi ligi. M'cikho munthu angathe kupambana ndi mtima wokha, pakuti ndi nkhondo ya tsiku limodzi. Ligi iri ngati munda: ifuna khasu tsiku ndi tsiku, ndipo siifunsa ngati pakhomo pagwa maliro. M'cikho anyamata a Murphy anagwetsa West Bromwich ndi Fulham nafika ku Wembley. M'ligi, pa masewera 14 otsala, anapambana kamodzi kokha, nafanana kasanu, nagonja kasanu ndi katatu. Anatola mapointi asanu ndi awiri, natsika kucokera pa malo acitatu kufika pa acisanu ndi cinai, ndi mapointi 43.

A Wolves anapitirira ndi khasu lao. Wowalondola anali Preston North End ya Tom Finney, imene inacinya zigoli 100, koma pa 19 April a Wolves anaigonjetsa 2 kwa 0 ku Molineux natenga ligi. Patapita masiku awiri anapita ku Old Trafford kukasewera masewera aja a pa 8 February, napambana 4 kwa 0 pa timu yotopa imene maso ace anali ku Wembley. Anatha ndi kupambana 28, kufanana 8, kugonja 6, mapointi asanu pamwamba pa Preston, ndipo Tottenham inali yacitatu ndi 51. Anthu amakonda kunena kuti pakanapanda ngozi United ikanawapeza. Kapena, koma tiyeni tiwerenge. Kuti ifike pa 64 inayenera kupambana masewera onse 14 otsala. Ngakhale ticotse mapointi awiri amene Wolves inatenga ku Old Trafford, United ikanafunabe 26 mwa 28, uku iri kumenyanso nkhondo ya zikho ziwiri. Ine nditi ligi imeneyi a Wolves anaigwirira nchito, ndipo cimene ngozi inawalanda ndico kuyamikidwa. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Sweden m'caka comweco, Wright, Slater ndi Clamp anaima pamodzi pakati pa timu ya Mangalande. Malo amodzi mwa atatuwo akanakhala a Edwards, mwana wa ku Dudley, mtunda waufupi kucokera ku Molineux, amene Cullis anamfuna ali mwana wa sukulu koma Busby anamtsogolera.

Zina za caka cimeneci zikanakambidwa kwambiri pakanapanda Munich. Manchester City inacinya zigoli 104 nicinyidwa 100, nikhala yacisanu. Oonerera ace sanagone tulo pa bwalo. Bobby Smith wa Tottenham anatsogola ndi zigoli 36, ndipo ku Chelsea kunaoneka mnyamata wa zaka 17, Jimmy Greaves, amene anacinya pa tsiku lace loyamba. Wosankhidwa kukhala wosewera wa caka anali Danny Blanchflower, mkulu wace wa Jackie uja.

Koma ya Sunderland ndiyo iyenera kuimirirapo. Timu imeneyi, ya dziko la malasha ndi lomanga zombo, inakhala m'gulu loyamba kuyambira 1890 osatsikapo, ndipo inali kugula osewera mokwera mtengo kotero anthu anaicha nkhokwe ya ndarama. Mu 1957 kunaululika kuti inali kupatsa osewera ndarama zamseri kuposa malire aja a lamulo, ndi kuzibisa m'mabuku monga ndarama zogulira udzu wofunditsa bwalo m'nyengo yozizira. Inalipitsidwa mapaundi 5,000, akulu ena anacotsedwa, ndipo timu inasweka mtima. Pomaliza nyengo, Sunderland, Portsmouth ndi Newcastle onse anali ndi mapointi 32. Masiku amenewo anali kugawa zigoli zocinya ndi zocinyidwa, ndipo Sunderland, imene inacinyidwa 97, inatsika pamodzi ndi Sheffield Wednesday. Pointi imodzi ikanaipulumutsa. Ndipo kupambana kumodzi kuja kwa anyamata a Murphy m'ligi, 2 kwa 1 mu April, kunacitikira pa bwalo la Sunderland.

Pa 3 May United inalowa m'bwalo la Wembley kukomana ndi Bolton, Busby ali pambali ndi ndodo m'manja. Nat Lofthouse, amenenso anagwira nchito ya mgodi m'nthawi ya nkhondo, anacinya ziwiri, caciwiri pomgunda Gregg ndi phewa mpaka munthu ndi mpira analowa mu ukonde, cinthu cimene woimbira wa lero sangacilole. M'cikho ca ku Ulaya anagonjetsa AC Milan 2 kwa 1 kwao, nagonja 4 kwa 0 ku Italy.

Akulu a mpira wa ku Ulaya, pofuna kupepesa maliro, anaitana United kuti ilowenso m'cikho ca 1958 kufikira 1959 pamodzi ndi Wolves. Akulu a ku Mangalande anakana, nati cikhoco nca opambana ligi okha. Motero a Wolves, amene kudzitama kwa pa usiku wa Honved kunabala cikhoco, analowamo okha kwa nthawi yoyamba, naturutsidwa msanga ndi Schalke 04, timu ya anthu a migodi ya malasha ya ku Gelsenkirchen. Ligi ya 1959 anaitenganso, ndipo waciwiri anali United. Busby anadikira kufikira 1968 kuti acigwire cikho ca ku Ulaya, pamene timu yace inagonjetsa Benfica 4 kwa 1 ku Wembley. Mwa amene anakwera ndege ya ku Munich, m'bwalo usiku umenewo munali awiri, Foulkes kumbuyo ndi Charlton, amene anacinya cigoli coyamba ndi cotsiriza.